Kusintha Magiya a mu Transfer Box: Mafunso ndi Mayankho kwa Eni Magalimoto a 4x4

Talemba kabukuka chifukwa tikangotchula zosintha magiya a mu transfer box, pafupifupi aliyense wobwera ku galaja yathu amafunsa chinthu chimodzi: kodi sizithyola galimoto? Ena anangomva kwa anzawo, ena amabwera ndi dandaulo ntchito itachitika kale. Mayankhowa ndi okhudza magalimoto ambiri. Za galimoto yanu sitingalonjeze kanthu tisanaione.

Kodi transfer box ndi chiyani?

Ndi bokosi lachiwiri la magiya lomwe lili kumbuyo kwa giyabokosi. Limagawa mphamvu ya injini ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Mukakoka kandodo kakafupi kaja kupita pa 4H kapena 4L, ndi bokosili lomwe mukulilamula.

Nanga mumasinthamo chiyani?

Timasintha magiya a 4L kuti galimoto iziyenda pang'onopang'ono kuposa momwe inachokera ku fakitale. Pa Hilux yakale, shafti yolowa m'bokosi imazungulira ka 2.28 kuti yotuluka izungulire kamodzi. Pa Land Cruiser 80 nambalayi ndi 2.49, pa Defender yakale 3.32, pa Jimny yatsopano 2 basi. Jeep Wrangler wamba ali ndi 2.72, pomwe wa mtundu wa Rubicon, yemwe anayamba kutuluka mu 2003, ali ndi 4. Nambala ikakula, liwiro limatsika.

Njira zilipo zitatu: kutsegula bokosi lanu lomwelo n'kuikamo magiya ena, kuika bokosi lina lathunthu, kapena kulumikiza mabokosi awiri motsatizana. Magiya odziwika kwambiri a Hilux ndi a 4.70, omwe anatchuka ndi kampani ya Marlin Crawler ya ku Fresno, m'chigawo cha California ku America.

Phindu lake n'chiyani?

Tengani nambala ya giya wani, ya 4L ndi ya difu, muzichulukitse. Tiyerekeze Hilux ya giya wani wa 3.9 ndi difu ya 4.3. Ndi magiya a ku fakitale, injini imazungulira pafupifupi ka 38 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ndi a 4.70 imazungulira pafupifupi ka 79. Pa matayala a mainchesi 31, injini ikungodzilirira osaponda moto, poyamba mumayenda makilomita 3 pa ola, pano 1.5. Munthu woyenda pansi amakupitirirani.

Zili ngati njinga ya magiya pachitunda: miyendo imapalasa mofulumira komanso mopepuka, njinga n'kumakwera pang'onopang'ono. Mphamvu za wopalasa zimakhala zomwezo. Chomwe mwagula ndi ulamuliro: mumakwera mwala osagundapo, mumatsika mtsetse osadalira mabuleki.

Kodi sizithyola mashafti?

Zingathe, ndipo sitikubisirani. Kuchoka pa 2.28 kupita pa 4.70 ndiye kuti mphamvu yopotokola yomwe ingafike ku difu ndi ku mashafti yawirikiza kawiri, koma zitsulozo zikadali zakale zomwe zija.

Komabe pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Shafti siimva mphamvu yonse yomwe injini ingatulutse. Imamva yomwe tayala likukana nayo kuzungulira. Pa dothi kapena pa timiyala, tayala limayamba kuterereka chitsulo chisanafike pothyoka. Ngozi imabwera tayala likakanirira: lapanika pakati pa miyala iwiri, lagwera m'dzenje lolimba m'mbali, kapena galimoto yamangiriridwa ku chinthu cholemera chomwe sichikusuntha. Pamenepo injini ya magiya a ku fakitale mwina ikanazima n'kukupulumutsani. Ya magiya otsika siizima msanga, imangopotokolabe mwakachetechete mpaka china chake chilire.

Kumbali ina, mashafti ambiri omwe timasintha kuno sathyoka chifukwa choyenda pang'onopang'ono. Amathyoka pamene woyendetsa wathamangira chitunda, tayala ladumpha m'malere likuzungulira kwambiri, kenaka latera n'kugwira nthaka mwadzidzidzi. Magiya otsika amachepetsa kufunika kothamangira koteroko. N'chifukwa chake timati amachotsa ngozi ina n'kubweretsa ina, ndipo zonse zimatengera phazi lanu lamanja.

Ndi zitsulo ziti zomwe zimayamba kugonja?

Kawirikawiri ma CV joint akutsogolo, makamaka chiwongolero chikakhala chokhotetsedwa mpaka kumapeto, ndipo koposa mukamabwerera m'mbuyo chokwera. Zotsatira ndi mashafti a m'mbali, mano a mu difu, ndi mphira zomwe zimagwirizira injini ndi bokosi ku chesisi. Pa Hilux yakale, shafti yolowa m'bokosi ilipo ya mano 21 ndi ya mano 23. Ya 23 ndiyo yolimbirapo. Land Rover zakale za mashafti a mano 10 n'zosalimba poyerekeza ndi za mano 24. Timayang'ana zimenezi tisanayambe, ndipo nthawi zina timalangiza kuti ntchito isachitike.

Ndili ndi matayala akuluakulu komanso diff lock. Kodi ngozi ndi yomweyo?

Ayi, ndi yokulirapo. Tayala lalikulu limagwira nthaka mwamphamvu ndipo limafuna mphamvu yochuluka kuti litembenuke. Diff lock nayo ingathe kutumiza mphamvu yonse ya ekiselo ku tayala limodzi. Ziwirizi zikakumana ndi magiya otsika, shafti imodzi imasenza katundu yemwe opanga galimoto sanamuwerengere. Apa mwina pangafunike mashafti olimba kuposa a ku fakitale, ndipo ndalama zake n'zapadera.

Kodi galimoto idzasiya kuthamanga pa tala, kapena kuyamba kumwa mafuta?

Pa magalimoto ambiri ayi, chifukwa pa 2H ndi 4H mphamvu imangodutsa m'bokosi osakhudza magiya omwe tasintha. Ulendo wa Lilongwe mpaka Blantyre ukhala momwe unalili. Suzuki SJ413 ndi yosiyana: magiya ake otsika amatsitsanso liwiro la pamsewu, choncho injini imalira kwambiri pa liwiro lomwelo, ndipo mafuta angakwere pang'ono.

Ndimatitimira m'matope nthawi ya dzinja. Kodi zindithandiza?

Kunena zoona, ayi. Matope ndi mchenga zimafuna kuti galimoto ibwere ndi kaliwiro ndipo matayala azungulire mokwanira kuti azitaya dothi. Pa magiya a 4.70, giya wani ndi thu amakhala ochedwa kwambiri moti mudzayambira pa fili kapena folo, ndipo livesi idzakukwiyitsani mukafuna kudzizula. Ambiri mwa obwera kuno vuto lawo ndi limeneli, ndipo timawauza kuti ndalamazo agulire matayala abwino, fosholo ndi chingwe chokokera.

Ngakhale msewu wakale wa Gorodi wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, ndi makona ake akuthwa aja, galimoto yabwinobwino imaukwera pa 4L ya ku fakitale. Ntchitoyi ndi ya oyenda m'miyala yeniyeni, m'makwawa ndi m'mitsetse yoopsa, kapena omwe anaika matayala akuluakulu galimoto n'kufooka pa 4L.

Mnzanga anasintha, sipanatenge nthawi CV joint inathyoka. Simukuona kuti ndi magiyawo?

Dandauloli timalimva kawirikawiri. Sitingaweruze galimoto yomwe sitinaione, koma zotere zikabwera timafunsa zinthu zitatu. Kodi mphira yophimba CV joint inali yong'ambika, girisi n'kusakanikirana ndi mchenga? Kodi chiwongolero chinali chokhota mpaka kumapeto? Kodi galimoto inali pa 4L pamsewu wa tala kapena pa konkire? Chachitatuchi n'chofala. Pa magalimoto opanda difu yapakati monga Hilux, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana, ndipo pokhota pamalo olimba mashafti amapotana okhaokha. Zimenezi zimawononga ngakhale galimoto yosasinthidwa. Magiya otsika amangochititsa kuti woyendetsa asamve kuti galimoto ikukana.

Nthawi zambiri chitsulocho chimakhala kuti chinatopa kale, magiya atsopano angomalizitsa. Chinanso, ndipo ichi tinene mosapsatira, munthu akasintha magiya amayamba kupita kumalo komwe kale ankabwerera.

Nanga kilatchi ndi mabuleki?

Izi ndizo zimapindula. Simufunikanso kuyenda mutaponda kilatchi theka, choncho siipsa msanga. Potsika, injini imagwira galimoto. Chenjezo limodzi: musatsike mtsetse mutaponda kilatchi galimoto ili pa giya wani wa 4L. Matayala amazunguza mbale ya kilatchi mopitirira muyeso, ndipo ingathe kuphulika.

Zimadya ndalama zingati?

Sitilemba mtengo muno. Zipangizozi zimachokera kunja, choncho mtengo umatengera mphamvu ya kwacha, ndalama yotumizira ndi msonkho wa pachipata. Komanso tikatsegula bokosi tingapeze mabering'i kapena masilo otha. Kusintha magiya okha ndiko kumatsikirapo, ngakhale kumafuna kupala pang'ono mkati mwa bokosi kuti giya wamkulu akwane. Mabokosi awiri amakwera mtengo chifukwa pulopela shafti yakumbuyo iyenera kufupikitsidwa, yakutsogolo kutalikitsidwa, ndipo pansi pa galimoto pabooledwe malo a kandodo kachiwiri. Bokosi logula ku magalimoto ophwasula lingaoneke lotchipa, koma za mkati mwake sitingatsimikize tisanalitsegule.

Galimoto yanga ndi yatsopano, 4L ndimachita kudina batani. Zingatheke?

Mwina, koma n'zovuta. Kompyuta ya galimoto imayembekeza nambala ya ku fakitale, makamaka pa ya otomatiki, ndipo pa mitundu yambiri zipangizo zake sizipangidwa n'komwe.

Bokosi layamba kulira pa 4L chisinthireni. Kodi latsala pang'ono kuthyoka?

Kalikhweru kakang'ono kokwera ndi kutsika motsatira injini sikachilendo pa magiya amenewa. Koma kugogoda, kukukuta, kutuluka giya pakokha kapena kudontha oyilo si zabwino, imani mutidziwitse. Timalangiza kusintha oyilo wa m'bokosi mukayenda makilomita mazana angapo oyambirira, kuti tione ngati muli tizitsulo.

Chikathyoka china pambuyo pake, alipire ndani?

Ife timayankha pa ntchito ya manja athu: kumanga bokosi, masilo ndi kulumikiza. Mashafti, ma CV joint ndi difu sizili m'gulu limeneli, pokhapokha zitaoneka kuti vuto linachokera pa kamangidwe kathu. Ngati galimoto ikadali pa chitsimikizo cha ogulitsa, kusinthaku kungathe kuchithetsa. A inshuwalansi anu muwauze mwa kalata ntchito isanayambe, chifukwa ena angakane kulipira pa galimoto yomwe inasinthidwa iwo osadziwa.