Phunziro: Sir Nicholas Winton, Nkhalamba Yotumikira Anzake (1909–2015)

Pa 1 July 2015 ku England kunamwalira nkhalamba ya zaka 106, dzina lao Bambo Nicholas Winton. Iwo sanali mfumu kapena mkulu wa asilikali. Komabe moyo wao ndi woyenera kuuphunzira, pakuti uonetsa zimene angathe kuchita munthu wamba amene waona tsoka la mnzake nakana kulambalala.

1. Ulendo wa ku Prague

Bambo Winton anabadwira ku London pa 19 May 1909, ndipo makolo ao anali a mtundu wa Ayuda a ku Germany. Atakula analowa ntchito yogula ndi kugulitsa magawo a makampani. M'mwezi wa December 1938 analikukonzekera kukapuma ku Switzerland, pamene bwenzi lao Martin Blake anawaitanira ku Prague, mzinda waukulu wa Czechoslovakia. Pa nthawi imeneyo Hitler anali atalanda kale chigawo cha Sudetenland, ndipo anthu ochuluka, ambiri a iwo Ayuda, anali atathawa nakhala m'misasa m'nyengo ya chisanu choopsa. Makolo anazindikira kuti nkhondo ili pafupi, tsono analikufuna wina woti atulutse ngakhale ana okha.

2. Ana 669

Boma la Britain linalola kuti ana alowe m'dzikomo opanda makolo ao, koma linaika malamulo awiri: mwana aliyense apeze banja lomlandira, ndiponso paperekedwe chikole cha mapaundi 50 cha ulendo wake wobwerera. Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Atabwerera ku London, Bambo Winton ankagwira ntchito yao ya masiku onse usana, ndipo madzulo ankalemba makalata, kufalitsa zithunzi za anawo, kupempha ndalama ndi kufunafuna mabanja. Mai ao anawathandiza. Ku Prague kunatsala Trevor Chadwick ndi Doreen Warriner, amene anasenza mbali yoopsa ya ntchitoyo pamaso pa Ajeremani.

Kuyambira March mpaka August 1939 anatumiza magulu 8 a ana, onse pamodzi 669. Ambiri anayenda pa njanji kupyola Germany ndi Holland, naoloka nyanja pa chombo, nakatsikira pa Liverpool Street ku London. Gulu la chisanu ndi chinai, la ana ngati 250, linayenera kunyamuka pa 1 September 1939. Koma tsiku lomwelo Germany inathira nkhondo Poland, malire anatsekedwa, ndipo njanjiyo sinachoke. Pafupifupi ana onsewo anafa m'zaka za nkhondo. Chisoni cha ana amenewa sichinawachoke Bambo Winton moyo wao wonse.

3. Ntchito za kumudzi

Nkhondo itatha, anakwatira Mai Grete m'chaka cha 1948, nakhazikika ku Maidenhead. Mwana wao wina, Robin, anabadwa ndi chilema chotchedwa Down syndrome. Masiku amenewo ana otere ankawatumiza ku nyumba zapadera, koma makolo awa anamlera pakhomo mpaka anamwalira asanakwanitse zaka 6. Chisoni chimenecho Bambo Winton anachisandutsa ntchito: anathandiza kuyambitsa m'tauni mwao bungwe lothandiza mabanja a ana otere, limene linakhala nthambi ya Mencap. Anagwiranso ntchito zaka zambiri m'bungwe la Abbeyfield, lokonzera okalamba nyumba zokhalamo kuti asafe ndi kusungulumwa, ndiponso m'bungwe la Rotary. Zonsezi anazichita popanda malipiro.

4. Ulemu wobwera mochedwa

Ulemu woyamba wa boma, nyota ya MBE, anaulandira mu 1983 chifukwa cha nyumba za okalamba, pakuti nkhani ya ku Prague inali isanamveke. Inadziwika mu 1988, pamene buku losungamo maina ndi zithunzi za anawo linaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya BBC. Pamenepo anakumana ndi ena a ana aja, ali anthu a imvi. Mu 2003 Mfumukazi Elizabeth II inawapatsa ulemu wa "Sir", ndipo mu 2014, ali ndi zaka 105, anapita ku Prague kukalandira nyota yaikulu ya dziko la Czech Republic.

5. Zimene aphunzitsi ayenera kutsindika

Poyamba, chifundo chenicheni chili ndi manja. Ambiri anamva chisoni mu 1938, koma ana anapulumuka chifukwa wina analemba maina, nafuna mabanja, napeza mapaundi 50. Akulu akale anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mau amenewa ndi opepuka pakamwa, koma ndi olemera pamapewa.

Kachiwiri, mutu umodzi susenza denga. Bambo Winton ankanena kawirikawiri kuti anzao a ku Prague ndiwo anali pa ngozi yoposa. Wotumikira woona salanda ulemu wa anzake.

Kachitatu, ntchito ya miyezi 9 inatsatidwa ndi zaka makumi ambiri za ntchito zazing'ono zosatchuka. Munthu sayenera kudikira nkhondo kuti athandize. Nkhalamba yosowa woitungira madzi ndi mwana wopunduka wobisidwa m'nyumba ali m'mudzi uliwonse.

Mafunso

1. Kodi boma la Britain linaika malamulo anji polandira anawo?
2. Nanga gulu la pa 1 September 1939 linalephereranji kunyamuka?
3. Imfa ya Robin inabala ntchito yotani?
4. M'mudzi mwanu ndani watumikira anthu zaka zambiri osalipidwa? Kodi anthu amthokoza akali moyo, kapena alikudikira tsiku la maliro ake?