Kodi defrag imatenga nthawi yaitali bwanji?

Kompyuta ikayamba kuchedwa, ambiri amathamangira kuchita defrag, kenako nkumadabwa kuti bwanji sikutha. Yankho lalifupi ndi loti ikhoza kutenga mphindi zochepa kapena maola angapo. Kuti ndikufotokozereni chifukwa chake, tiyeni tisuzumire kaye m'kati mwa hard disk.

M'kati mwake muli timbale ta maginito tozungulira mwaliwiro. M'malaputopu ambiri timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, pamene m'makompyuta ambiri a patebulo ndi maulendo 7,200, kutanthauza maulendo 120 pa sekondi imodzi. Pamwamba pa timbaleti pali kadzanja komwe kamawerenga ndi kulemba deta. Kuti kawerenge chinthu, kamasuntha kupita pamzere woyenera, kenako kamadikira kuti malowo azungulire nkufika pansi pake. Ulendo umodzi wotere umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi.

Tsopano taganizirani kope lanu la Biology. Tsamba likadzaza, mumapitiriza manotsi paliponse pamene pali malo: theka patsamba 12, theka lina patsamba 40, mzere wotsala kuchikuto. Pokonzekera mayeso mumataya nthawi kutembenuza masamba. Kompyuta nayo imachita chimodzimodzi. Mukafufuta mafayilo ena, pamatsala timipata, ndiye fayilo yatsopano yaikulu imadulidwa m'tizidutswa kuti ikwane m'timipatamo. Fayilo ikakhala m'tizidutswa 1,000, kadzanja kaja kamayenda maulendo 1,000, ndipo masekondi pafupifupi 10 amangothera m'kuyendayenda basi. Defrag ndiye kukopera manotsi aja mwadongosolo kuti tizidutswa tonse tikhale pamodzi.

Nanga nthawi? Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti disk yanu imawerenga kapena kulemba ma MB 100 pa sekondi, ndipo deta yofunika kusuntha ndi ma GB 100, omwe ndi pafupifupi ma MB 100,000. Kuwerenga kokha kutenga masekondi 1,000, kulemba pamalo atsopano masekondi enanso 1,000. Pamodzi ndi mphindi zoposa 30, ndipotu apa zonse zayenda bwino. Tizidutswa tikakhala ting'onoting'ono komanso tambirimbiri, liwiro lija limatsika kwambiri, ndipo ntchito ya theka la ola imasanduka ya maola.

Chinanso ndi malo opanda kanthu. Simungakonze m'chipinda chodzaza katundu mpaka pakhomo, chifukwa mulibe poika chinthu mongoyembekezera. N'chifukwa chake pa Windows XP ankati pakhale malo osachepera 15 peresenti kuti defrag ithe bwinobwino. Choncho yambani mwafufuta zosafunika, ndipo tsekani mapulogalamu ena kuti asamalimbirane kadzanja kamodzi komweko.

Koma musanadine chilichonse, onani kaye mtundu wa disk yanu. Pa Windows 10 kapena 11, lembani "defrag" pa Start, tsegulani Defragment and Optimize Drives, nkuyang'ana pansi pa Media type. Ngati palembedwa Solid state drive, musavutike. SSD ilibe mbale kapena kadzanja, imafika paliponse pa liwiro lofanana. Komanso timaselo take tili ndi malire a maulendo olembedwapo, ndiye kumaikakamiza defrag pafupipafupi ndi mapulogalamu ena n'kungoikalambitsa pachabe. Windows imaisamalira yokha ndi lamulo lotchedwa TRIM, lomwe kawirikawiri limatha m'masekondi.

Ngati palembedwa Hard disk drive, dinani Analyze. Chiwerengero chikakhala pansi pa 10 peresenti, vuto la kuchedwa lili kwina, mwina RAM yachepa kapena pali mapulogalamu ambiri oyamba okha kompyuta ikayatsidwa. Kuyambira pa Windows Vista, defrag imachitika yokha sabata iliyonse, moti nthawi zambiri mupeza kuti ntchito inagwiridwa kale. Imene imatsalira ndi kompyuta yoyatsidwa kanthawi kochepa nkuzimitsidwa, monga za m'malabu a pasukulu.

Chiwerengero chikaposa 10, dinani Optimize. Langizo langa ndi loti muyambe mwakopera asayimenti yanu pa flash, makamaka ngati magetsi kwanuko amazimazima ndipo mulibe UPS. Ikatalika, mukhoza kudina Stop popanda kuwononga kanthu, ndipo zomwe zasunthidwa kale sizibwerera mmbuyo.