Phunziro: Foni pa Ntchito Yathu

Kale wogula mbatata ankafika yekha kudimba. Tinkapatsana moni, tinkakhala pansi, tinkakambirana mtengo wa thumba onse akumva. Lero wogula ali ku Ulónguè kapena ku Tete, amangoimba foni. Ndalama amatumiza pa M-Pesa, imene inayamba m'dziko lathu mu 2013, kapena pa e-Mola. Ulendo wafupika. Zimenezi n'zabwino, sitikana.

Koma taonani, abale. Pagulu la alimi, foni yaikulu imakhala ya munthu mmodzi. Wogula amalankhula ndi iye yekha. Uthenga wa ndalama umabwera m'Chipwitikizi, amawerenga yekha. Mayi amene anakumba mbatatazo, kutsirira ndi kusenza, amangomva kuti, "Akuti mtengo watsika." Mwina watsikadi. Mayiwo adziwa bwanji? Anthu amene amalima mothandizana amayamba kuyang'anana cham'mbali, chonsecho palibe waba.

Tsopano kwabweranso china. Kwa anansi athu ku Malawi, mu 2024, bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi. Awa ndi makina oyankha mafunso a alimi pa WhatsApp, amene amatchedwa AI. Mlimi amafunsa m'Chichewa, polemba kapena polankhula. Angathenso kutumiza chithunzi cha tsamba lodwala. Makinawo amatenga mayankho m'malangizo a Unduna wa Zaulimi wa dzikolo. Popeza alimi ambiri alibe foni zazikulu, munthu mmodzi wophunzitsidwa amapita nayo kugulu, n'kumafunsira anzake.

Yankho limabwera msanga, mlangizi asanakwere n'komwe njinga yake. Koma makinawo sanagwirepo khasu, ndipo nthawi zina amalakwa. Sadziwa kuti dimba la kumunsi limadikha madzi mu Febuluwale. Agogo amadziwa. Tikazolowera kufunsa foni yokha, agogo adzakhala chete pamsonkhano.

N'chifukwa chake m'kalasi mwathu tagwirizana chonchi: uthenga wa gulu uziwerengedwa mokweza, foni iziyenda m'manja mwa aliyense, ndipo manambala a ndalama aliyense aziwaona ndi maso ake. Manambala tawaphunzira kale.

Tikambirane:
1. Pagulu lanu, ndani amalankhula ndi wogula?
2. Foni ndi agogo akasiyana mawu, mungatani?

Tilembe: foni, uthenga, mtengo, thumba, gulu.