Mneni wa Cingerezi "cry" ndi kulira kwa m'Cinyanja

Tsiku lina, pamene mudzakhala pa nchito yoyeserera kuphunzitsa, mwana wa Giredi 5 adzaimirira ndi kukuuzani kuti, "The bell is crying." Ena m'kalasimo adzaseka. Inu musafulumire kumdzudzula. Mwanayo waganiza bwino lomwe m'Cinyanja, pakuti kwa ife belu limaliradi. Pamene waphonya ndi apa: ayesa kuti liu lililonse la Cinyanja lili ndi mnzake mmodzi m'Cingerezi wofanana nalo m'zonse. Kuti mumthandize, muyenera kuyamba mwadziwa inu eni kumene mau awiriwa akumana ndi kumene asiyana.

Tiyambe ndi liu lathu. Tsinde lakuti -lira ndi lotakata kwambiri. Khanda limalira, namfedwa amalira, koma tambala nayenso amalira m'mbandakuca, ng'oma imalira kubwalo, mfuti imalira m'thengo. Mwa zisanuzi, ziwiri zokha ndizo zili ndi misozi. Cimene cizimanga pamodzi ndi kumveka kwa liu. Kucokera ku tsinde lomweli tipeza kuliza, monga kuliza belu, ndi kulirira, ndiponso dzina lakuti maliro. Abale athu ali nalonso: Abemba ati ukulila, Atonga ati kulila, Aswahili ati kulia.

Tsono Cingerezi cimagawa nchito imeneyi kwa aneni ambiri. Belu lili ndi "ring", tambala ali ndi "crow", ndipo "cry" masiku ano atanthauza makamaka kukhetsa misozi. Komabe tanthauzo la kufuula silinafe. "Cry out" ndi kukuwa, "cry for help" ndi kuitana anthu kuti adzakupulumutseni, ndipo munthu amene kale anali kuyenda m'mizinda ya ku England kulengeza nkhani, monga acitira mlengezi wa mfumu, anali kuchedwa "town crier". Iyeyu sanali kugwetsa misozi ai.

Kumene "cry" anacokera

Liuli silinabadwire m'Cingerezi. M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zoposa 200 Cifalansa ndico cinali cilankhulo ca kunyumba ya mfumu ndi ca pa milandu. Mau ambiri a Cifalansa analowa m'Cingerezi panthawi imeneyo. Limodzi la iwo ndi "crier", kufuula kapena kulengeza, limene lioneka m'zolembedwa za Cingerezi kuyambira zaka za m'ma 1200. Kufikira lero Mfalansa akati "crier" anena kufuula basi. Za misozi ali ndi liu lina, "pleurer". Abale a liuli ndi "gridare" wa Citaliyana ndi "gritar" wa Cisipanishi, ndipo onsewa anena za kufuula.

Onsewo kholo lao ndi mneni wa Cilatini "quiritare", kukuwa mopempha thandizo. Pano pali nkhani yokoma, koma muigwire mosamala. Varro, mlembi wa Ciroma amene anamwalira m'caka ca 27 Kristu asanabadwe, anafotokoza kuti liuli linacokera ku "Quirites", dzina la nzika za Roma. Ndiye kuti munthu wogwidwa ndi acifwamba anali kuitana nzika zinzake, monga ife tikuwa kuti, "Anthuni, ndafa ine!" Akatswiri ambiri a masiku ano akukayika kufotokoza kumeneku. Iwo aganiza kuti liulo linangotsanzira mkuwo weniweniwo, monga mau athu akuti kokoliliko atsanzira tambala. Cenjerani ndi zimenezi pamene mufotokoza magwero a mau a Cinyanja: kufanana kwa mamvekedwe si umboni wa cibale, ngakhale nkhaniyo ikome motani.

Nanga misozi inalowamo bwanji? Munthu wogwidwa ndi cisoni amakuwa uku misozi ili mbwembwembwe. Liu lonena za mkuwo linayamba kunenanso za misoziyo, ndipo pofika zaka za m'ma 1500 tanthauzo latsopanoli linali litakhazikika. Lero Mngerezi anganene kuti munthu "cried" ngakhale kuti analira cinunu, wosamveka ndi pang'ono pomwe.

Codabwitsa ndi cakuti liu limene "cry" analikankhira pambali linayenda njira yomweyo. Mneni "weep" ndiye mwini mudzi: m'Cingerezi cakale anali "wepan". Mbale wake m'Cigothiki, cilankhulo cimene cinafa kalekale, ndi "wopjan", kuitana mokweza. Cotero aneni onse awiri anayamba ndi liu nadzathera ku misozi. Masiku ano "weep" amveka waulemu ndi wa m'mabuku, pamene "cry" ndiye wa tsiku ndi tsiku. Ndipo "weep" anapitirira mpaka kuiwala liu kotheratu, pakuti Angerezi amanena liuli ngakhale za cilonda cimene cikukha madzi. Kwa ife cilonda sicilira. Mwana wa Cingerezi wophunzira Cinyanja akadaphonya pamenepa monga momwe wathu uja anaphonyera pa belu.

M'kalasi

Ana a pulaimale safunika kumva za Varro kapena za William. Zimenezo ndi nkhokwe yanu. Cimene afunika ndi kuona ndi maso ao kuti liu limodzi lingasenze matanthauzo angapo. Lembani -lira pakati pa bolodi. Funsani ana kuti atchule zinthu zonse zimene zimalira kwao, ndipo lembani zonse, ngakhale cigayo, njinga kapena m'mimba mwa munthu wanjala. Pambuyo pake iwo eni azigawe pawiri: zolira ndi misozi ndi zolira popanda misozi. Padzabuka mkangano pa mbuzi ndi pa galu. Ulekeni upitirire pang'ono, cifukwa m'mikangano yotere ndi m'mene ana amaganiza mozama za cilankhulo cao.

Mukatha apo, funsani mau ena a Cinyanja amene anena kulira mwa mtundu wake: kusisima, kubuma, kulira mokuwa. Ambiri a ana a m'tauni sadzawadziwa onse, ndipo umenewu ndi mpata wakuti akafunse agogo ao. Cingerezi mucibweretse potsiriza, mzere wa misozi upatsidwe "cry", ndipo cinthu ciliconse ca mzere winawo cipatsidwe mneni wake.

Nchito yanu: konzani phunziro la mphindi 30 motsata njira yomweyi, koma pa mneni wakuti kumva. Yambani ndi ziganizo izi: ndamva belu, ndamva njala, ndamva fungo, mwana uyu samva.