Dziwani Ufulu Wanu: Zongomva kwa Ena Si Umboni M'khoti

Pa mlandu wakuba mbuzi, mboni ikauza majisitireti kuti, "Mnzanga anandiuza kuti anaona bambowa akukoka mbuzi usiku," khoti silingatenge mawuwo ngati umboni woti bambowo anabadi. Amene anaona ndi mnzakeyo, choncho abwere yekha adzalumbire.

Gawo 184 la lamulo la Criminal Procedure and Evidence Code limafuna kuti mboni inene zimene inaona ndi maso ake kapena kumva ndi makutu ake. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene sali m'khoti simungamufunse kuti anaima patali bwanji, kunali mwezi kapena mdima, kapena ngati panali chidani. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limapatsa aliyense wozengedwa mlandu ufulu wotsutsa umboni womuneneza.

Komabe pali zina zololedwa. Mawu amene munthu ananena asanamwalire, ofotokoza chimene chamupha, akhoza kulandiridwa pa mlandu wa imfa yakeyo. Lipoti la dokotala limalandiridwa nthawi zina iye osabwera, makamaka ngati inu simunakane. Zimene munanena nokha povomera mlandu nazonso zikhoza kubwerezedwa m'khoti.

Mukamva mboni ikungoti "akuti," imirirani mwaulemu n'kupempha khoti kuti lisawerengere mawuwo. Ngati mulibe ndalama zolipirira loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Majisitireti akakupezani olakwa potsamira zongomva, muli ndi ufulu wochita apilo ku Khoti Lalikulu.