Phunziro la Teremu Ino: Ndalama Zikachepa, Tigule Chipangizo Chiti?



Teremu ikamayamba, m'mabanja ambiri mumamveka pempho limodzimodzi. Uyu akufuna foni, uyo akuti popanda laputopu mayeso sakhoza. Nthawi yomweyo fizi sinathe, yunifolomu yachepa, ndipo feteleza akudikira. Zipangizozi zimachokera kunja, choncho mtengo wake umayendera mphamvu ya kwacha. Tonse tikukumbukira momwe mitengo inakwerera kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kulakwitsa pogula masiku ano kumapweteka banja lonse. Mfundo ya phunziroli ndi imodzi: tigule motsata ntchito yomwe chipangizocho chigwire, osati motsata chomwe anzathu anyamula.

Choyamba: kuwala

Buku silingawerengedwe mumdima. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo ngakhale m'nyumba zomwe muli magetsi a ESCOM, nthawi zina amathima. Nyali ya sola ndiyo iyenera kutsogola. Imathandiza ana onse a m'nyumbamo, sifuna mayunitsi, ndipo imachotsa chiopsezo cha moto wa kandulo ndi utsi wa koloboyi.

Pogula, tiyang'ane manambala awiri pa katoni: kuchuluka kwa kuwala, komwe amayeza mu ma lumen, ndi maola omwe nyaliyo imayaka ikadzaza. Kandulo imodzi imatulutsa ma lumen pafupifupi 12, kotero nyali ya ma lumen 50 ili ngati makandulo anayi. Ndalama zikalola, tisankhe yokhala ndi potchajira foni, chifukwa ithetsanso ulendo wa tsiku ndi tsiku wokalipira tchaji kumsika.

Chachiwiri: kalikuleta

Ophunzira ena amati foni ili nayo kale kalikuleta. Ndi zoona, koma foni siloledwa m'chipinda cha mayeso a MANEB. Mwana amene wazolowera kuwerengera pa foni amakataya nthawi kufunafuna mabatani a sin, cos ndi log tsiku la mayeso a MSCE. Kalikuleta ya sayansi, monga Casio fx-82MS, imayendera batire limodzi ndipo ikasamalidwa imatumikira kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, n'kusiyiranso mng'ono wake. Zachinyengo zilipo zambiri, choncho tipite nayo kwa aphunzitsi a masamu akaiyese tsiku lomwe tagula.

Chachitatu: foni imodzi ya banja

Foni yamakono ili ndi phindu: imasunga mapepala a mayeso akale, mabuku ndi mavidiyo a maphunziro, komanso makolo amalipirira fizi kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Koma foni imodzi yosungidwa ndi kholo, yobwerekedwa kwa mwana pa nthawi yoikika, ikukwanira. Mwana akakhala ndi yakeyake usiku wonse, nthawi zambiri TikTok ndiyo imapambana buku.

Wogulitsa amatamanda kamera, koma ife tifunse zinthu zitatu. RAM ikhale 3GB kapena 4GB kuti foni isamaime. Malo osungira zinthu akhale 64GB. Batire likhale la 5,000 mAh. Tikumbukirenso kuti foni imadya mwezi ndi mwezi: bandulo ya intaneti, tchaji, ndi galasi likasweka.

Power bank tiigule pokhapokha ngati nyali yathu sitchaja foni. Nambala yolembedwa pamwamba pake sifika yonse mu foni, chifukwa mphamvu ina imatayika potchaja. Ya 10,000 mAh imadzaza foni ya 5,000 mAh kamodzi n'kutsalako pang'ono, osati kawiri. Kakang'ono kopepuka kolembedwa 50,000 mAh tikakayikire. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachinayi: laputopu idikire

Wophunzira wa sekondale angathe kukhoza bwino popanda laputopu yakeyake. Imayamba kufunika kwenikweni akasankhidwa kupita ku koleji. Kugula ali Fomu 2 kumatanthauza kuti pofika nthawiyo batire lidzakhala litatopa. Amene aganiza zogula yogwiritsidwapo kale ntchito aonetsetse kuti ili ndi RAM ya 8GB ndi SSD, aichotse ku magetsi aone maola omwe batire likhale, ndipo afunse ngati ingalandire Windows 11, popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Apa tikupempha a komiti ya mzikiti aganizirepo. Makompyuta ochepa oikidwa pamalo amodzi, okhala ndi sola komanso munthu wowayang'anira, angathandize ana ambiri, kuphatikizapo amasiye omwe makolo owalera sangakwanitse kugula chilichonse mwa izi.

Mtengo weniweni wa kugula pangongole

Masiku ano mafoni ndi sola amagulitsidwanso molipira pang'onopang'ono, ndipo wolephera kulipira chipangizo chake chimatsekedwa. Tiwerengere limodzi chitsanzo chongoyerekeza. Foni ikugulitsidwa K250,000 pompopompo. Pangongole akuti tipereke K60,000 poyamba, kenaka K1,000 tsiku lililonse kwa chaka. Masiku 365 akupanga K365,000, tikaphatikiza ndi yoyamba ija ndi K425,000. Taonjezera K175,000 pa foni yomweyo. "Wanu sauzande patsiku" imamveka yochepa m'khutu, koma pa pepala imaonekera poyera.

Kwa ife palinso nkhani ya riba. Ngati mgwirizano ukutchula chiwongoladzanja kapena ndalama yoonjezera pa wochedwa kulipira, tikafunse kaye a Sheikh tisanasaine. Kusunga pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo n'kugula pompopompo ndiyo njira yopanda nkhawa.

Tisanapereke ndalama

Tiyatse chipangizocho m'sitolo momwemo. Ngati ndi foni, tiimbe *#06# kuti tione nambala ya IMEI ya manambala 15, ndipo ifanane ndi ya pa katoni. Foni yotchipa kwambiri yopanda katoni, yogulitsidwa mothamanga pa depoti, ikhoza kukhala yobedwa, ndipo apolisi akaitsatira amapeza amene waigwira. Tilandire lisiti lolembedwa tsiku, mtengo ndi nthawi ya waranti. Wogulitsa akakana kukonza kapena kusintha katundu woonongeka, lisitilo ndi lomwe tingapite nalo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limamva madandaulo a ogula.

Ndipo fizi, mabuku ndi chakudya zikhale zitalipidwa kaye. Mwana wokhala ndi foni yokongola koma wabwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi sanathandizidwe.

Mafunso okambirana kunyumba

1. Pa zipangizo zinayi tatchulazi, ndi chiti chomwe ana onse a m'nyumba mwathu angapindule nacho lero?
2. Tikagula foni, tidzawononga ndalama zingati pa bandulo ndi tchaji m'miyezi 12?
3. A Fomu 3 ndi Fomu 4: pa chitsanzo cha ngongole chija, K175,000 ndi maperesenti angati a mtengo wa pompopompo? Mayankho mupereke kwa aphunzitsi a masamu.