Jini Wotcheza Pakhomo ku Sandton: Phunziro la Zomera Zokometsera Mowa

Pamene boma la South Africa lidaletsa kugulitsa mowa pa 27 March 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19, anthu ambiri adayamba kudzipangira okha zakumwa. M'madera a anthu opeza bwino monga Sandton, mumzinda wa Johannesburg, ena amagula timiphika tamkuwa n'kumatcheza jini ngati chosangalatsa chabe. Lamulo la Customs and Excise la 1964 limawalola, malinga alembetse ku bungwe la misonkho la SARS ndipo asagulitse. Nkhaniyi ikukhudza alangizi a zaulimi chifukwa chomwe chimasandutsa mowa kukhala jini ndi zomera.

Wotcheza jini amayamba ndi mowa wopanda fungo, woyengedwa mpaka mphamvu ya 96 peresenti. Amausungunula ndi madzi, n'kunyikamo zomera kwa maola 12 mpaka 24, kenaka n'kutchezanso kuti mafuta onunkhira akwere pamodzi ndi nthunzi. Magalamu 20 mpaka 30 a zomera amakwanira lita imodzi. Chachikulu mwa izo ndi zipatso za mtengo wa juniper, Juniperus communis. Popanda izi chakumwacho sichitchedwa jini. Njere za coriander zimabwera pachiwiri, kawirikawiri theka la muyeso wa juniper, ndipo zina zonse zimalowa pang'onopang'ono.

Juniper ameneyu ndi wa kumaiko ozizira. Zipatso zake zimatenga zaka 2 kapena 3 kuti zipse, ndipo zambiri amazithyola kuthengo ku Italy ndi kumaiko a Balkan. Wa ku Sandton amagula zochokera kunja. Kumapiri a Nyika, m'Malawi, kuli kankhalango ka mbale wake, Juniperus procera, koma kali m'malo otetezedwa ndipo si munda wokolola. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtundu winanso. Mlangizi asalimbikitse alimi kuthyola zipatso za mtengo uliwonse wofanana ndi juniper, pakuti mitundu ina, monga Juniperus sabina, ndi yapoizoni.

Mwayi wa mlimi uli pa zomera zotsalazo. Kampani ya Inverroche ya ku Still Bay idatchuka pothira m'jini zomera za kuthengo za ku Cape, ndipo opanga ena adatsatira ndi rooibos, buchu, mfula ndi malambe. Coriander, jinja ndi makoko a ndimu kapena malalanje ndi zinthu zomwe mlimi wa ku Ntcheu, ku Chipata kapena ku Angonia angathe kukolola. Komatu wogula safuna zambiri; amafuna zaukhondo ndi zofanana chaka ndi chaka. Fungo limakhala m'mafuta omwe amauluka msanga akatenthedwa, choncho kuyanika kuchitike pamthunzi, pathandala, osati padzuwa kapena pansi. Njere za coriander zikololedwe zikayamba kufiirira, zisanayoyoke. Makoko asendedwe mopyapyala, kusiya choyera cham'kati chomwe chimawawa, ndipo asachokere ku zipatso zopoperedwa mankhwala posachedwa. Thumba lomwe mudali fodya kapena usipa limaononga zokolola zonse.

Pali chinthu china chofunika kuchimvetsa bwino. Mayi wotcheza kachasu wa gaga ndi shuga, kapena wa masau m'chigwa cha Zambezi ku Tete ndi ku Muzarabani, amagwiritsa nzeru yomweyo ya nthunzi. Kusiyana kwagona pa chiyambi: iye amawiritsa zosasa zomwe wadzikonzera, pamene wa jini amayamba ndi mowa woyengedwa kale. Zipatso zikamasasa zimatulutsa methanol kuchokera ku pectin wa m'makoko ndi m'mnofu. Methanol amawira pa madigiri 64.7 ndipo mowa weniweni pa 78.4, n'chifukwa chake ambiri amakhulupirira kuti kutaya mutu wa kachasu n'kokwanira. Kutayako kumachotsa zina zoipa, koma mumphika wamba methanol amatuluka nthawi yonse yotcheza. Choopsa koposa ndi kuthiramo dala spiriti wa m'mafakitale: mamililita 10 a methanol angathe kuchititsa khungu, ndipo 30 angathe kupha. Mapaipi olumikizidwa ndi mtovu nawonso amasiya poizoni m'chakumwa.

Zomera zonunkhira sizichotsa chilichonse mwa izi. Zimangobisa fungo lomwe likadachenjeza womwa. Munthu amene wayamba kuona chizimezime, kusanza kapena kupuma mobanika patapita maola 12 mpaka 24 atamwa mowa wokayikitsa atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi botolo lomwe amamwera.